Kadyedwe, jakisoni kapena opaleshoni: kuyerekeza njira zochepetsera kunenepa kwambiri

Munthu akauzidwa ndi dokotala kuti thupi lake lakula kufika poika moyo wake pachiswe, masiku ano amapeza njira zitatu zikulimbirana malo patsogolo pake. Akhoza kusintha kadyedwe motsogozedwa ndi achipatala, akhoza kumabaya jakisoni wa mankhwala atsopano ochepetsa njala, kapena akhoza kuchitidwa opaleshoni ya chifu. Njira iliyonse ili ndi oichemerera ake, ndipo ambiri mwa iwo amationetsa zithunzi za munthu amene wangotha miyezi 6 chiyambireni. Ife amene tikulimbana ndi vutoli tikudziwa kuti miyezi 6 siuza munthu zambiri, chifukwa pafupifupi njira iliyonse imatsitsa sikelo poyamba. Chofunika kufunsa ndi chakuti munthuyo adzakhala ali bwanji pakatha zaka 10, ndiponso kuti adzafunika kuchita chiyani chaka ndi chaka kuti zimene wapezazo zisamupulumuke.

Munthu amene anathera mbali yaikulu ya ntchito yake pofunafuna yankho la funso limeneli ndi Lars Sjöström, dokotala wofufuza wa pachipatala cha Sahlgrenska mumzinda wa Gothenburg ku Sweden. Mu 1987 iye anayambitsa kafukufuku wotchedwa Swedish Obese Subjects, amene ambiri amangomutchula kuti SOS. Analemba anthu a zaka zapakati pa 37 ndi 60, ndipo kulembako kunapitirira mpaka 2001. Anthu 2,010 anachitidwa opaleshoni, pomwe ena 2,037 ofanana nawo anapitiriza kulandira chithandizo chamasiku onse kuzipatala zazing'ono zakwawo. Sjöström sanaloledwe kugawa anthuwa mwamaere, popeza oyang'anira malamulo a kafukufuku ankaona kuti opaleshoni ya nthawi imeneyo inali yoopsa kwambiri moti munthu anayenera kuisankha yekha. Dokotala yemweyu anatenganso mbali yaikulu poyesa mankhwala a orlistat, amene amalepheretsa matumbo kuyamwa gawo lina la mafuta a m'chakudya. Pa kafukufuku wa zaka 4 wotchedwa XENDOS, omwa mankhwalawo anataya makilogalamu 5.8 pomwe omwa mapiritsi opanda mankhwala anataya makilogalamu 3. Choncho pamene munthu ameneyu ankalankhula za opaleshoni, ankalankhula atayeza kale mphamvu yochepa ya mankhwala amene analipo m'masiku ake.

Zotsatira za SOS zimene zinatuluka mu 2007 ndizo muyezo umene ndikuyerekezera njira zonsezi. Anthu amene sanachitidwe opaleshoni sanasinthe kwenikweni, ndipo kulemera kwawo kunkangosewera mkati mwa 2 peresenti kwa zaka zonsezo. Amene anachitidwa gastric bypass, opaleshoni yochititsa chakudya kulambalala mbali yaikulu ya chifu, anataya 32 peresenti ya kulemera kwawo m'zaka ziwiri zoyambirira, kenako thupi linabwererako pang'ono, koma patatha zaka 10 anali akadali otsika ndi 25 peresenti. Amene anamangidwa lamba pachifu anatsika ndi 20 peresenti poyamba, n'kutsala ndi 14 peresenti pa zaka 10. Chachikulu koposa chinali chakuti imfa zinachepa ndi 29 peresenti pakati pa ochitidwa opaleshoni. Mu 2020 gulu lomwelo, motsogozedwa ndi Lena Carlsson, linapeza kuti opaleshoni inawonjezera zaka 3 pa moyo wa munthu poyerekeza ndi anzake amene sanaichite, ngakhale kuti moyowo unali wofupikabe ndi zaka 5.5 poyerekeza ndi wa anthu wamba a ku Sweden. Nambala yachiwiriyi ndimaiona kuti ndi yofunika ngati yoyamba ija, chifukwa ikusonyeza kuti opaleshoni imachepetsa chiopsezo koma siifafaniza zonse zimene thupi linadutsamo.

Kusintha kadyedwe

Wina akamva kuti anthu 2,037 aja sanasinthe, amafulumira kunena kuti anali aulesi kapena osadziletsa. Mlandu umenewu ndi wolakwika. Mu 2011 ofufuza a ku Melbourne ku Australia, motsogozedwa ndi Joseph Proietto, anaika anthu 50 pa chakudya chochepa kwambiri kwa masabata 10 n'kuyeza magazi awo. Patatha chaka chathunthu, homoni yoyambitsa njala yotchedwa ghrelin inali ikadali yokwera, mahomoni ouza ubongo kuti munthu wakhuta anali otsika, ndipo anthuwo ankamva njala kuposa poyamba. Thupi limateteza kulemera kumene linazolowera, ndipo limachita zimenezi kwa nthawi yaitali kuposa mmene munthu angapirire atangodalira kulimba mtima.

Komabe njira imeneyi ili ndi mphamvu zake, ndipo zikuonekera bwino pa matenda a shuga. Ku America, kafukufuku wa Diabetes Prevention Program anasonyeza mu 2002 kuti anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera anachepetsa ndi 58 peresenti chiopsezo chodwala matendawa posintha kadyedwe ndi kuyenda mwandawala, pomwe mapiritsi a metformin anachepetsa ndi 31 peresenti. Ku Britain, Roy Taylor wa ku Newcastle ndi Mike Lean wa ku Glasgow anapita patsogolo ndi kafukufuku wa DiRECT. Anthu amene anali asanathe zaka 6 chiwapezereni ndi matenda a shuga anasiya chakudya chawo chonse kwa miyezi 3 mpaka 5 n'kumangomwa zakumwa zokonzedwa mwapadera zopereka makalori pafupifupi 850 patsiku, kenako n'kubwerera ku chakudya pang'onopang'ono. Patatha chaka, 46 peresenti anali ndi shuga wabwinobwino popanda mankhwala, ndipo patatha zaka ziwiri anatsala 36 peresenti. Mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposerapo m'chaka choyamba, 86 peresenti shuga wawo anakhazikika. Taylor anafotokoza kuti mafuta akachoka m'chiwindi ndi m'kapamba, ziwalozi zimayambanso kugwira bwino ntchito yake.

Kufooka kwa njirayi kuli pa kutalika kwa nthawi. Kafukufuku wa Look AHEAD, amene anali ndi anthu 5,145 odwala shuga ndipo anawapatsa alangizi ndi chithandizo chimene ambiri a ife sitingachipeze, anaona anthu akutsika ndi 8.6 peresenti m'chaka choyamba n'kutsala ndi 6 peresenti kumapeto. Anamuimitsa mu 2012 ataona kuti matenda a mtima ndi sitiroko sizinachepe. Kwa munthu amene wangowonjezera makilogalamu 10 kapena 15, kapena amene shuga wamupeza posachedwa, kusintha kadyedwe ndi njira yoyenera kuyambira ndipo ikhoza kukwanira. Kwa munthu wolemera makilogalamu 130 amene wayesa kwa zaka zambiri, kumuuza kuti achepetse mitanda ya nsima ndi kusiya zakumwa zotsekemera ndi malangizo oona, koma osakwanira paokha.

Maopaleshoni atatu

Gastric bypass ndiyo yakale kwambiri mwa zimene zikuchitikabe. Edward Mason, dokotala wa maopaleshoni wa pa yunivesite ya Iowa, anaona kuti odwala zilonda za m'mimba amene anadulidwa mbali ya chifu ankaonda osabwereranso, ndipo mu 1966 anayamba kugwiritsa ntchito nzeru imeneyo pa anthu onenepa kwambiri. Mmene imachitikira lero, dokotala amapatula kathumba kakang'ono ka mamililita pafupifupi 30 kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi gawo loyamba la matumbo. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti imagwira ntchito pongochepetsa malo a chakudya. Mu 1995 Walter Pories wa ku East Carolina University anafalitsa zotsatira za odwala 608 amene anawatsatira mpaka zaka 14, ndipo anasonyeza kuti 83 peresenti ya odwala shuga anali ndi shuga wabwinobwino. Chodabwitsa chinali chakuti shuga ankatsika m'masiku ochepa, munthu asanayambe n'komwe kuonda. Pambuyo pake zinadziwika kuti chakudya chikafika msanga kumunsi kwa matumbo, thupi limatulutsa mahomoni ambiri okhutitsa, kuphatikizapo GLP-1, homoni yomweyo imene majakisoni atsopano amatsanzira.

Sleeve gastrectomy inabwera mochedwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 inkachitidwa ngati gawo loyamba la opaleshoni yaikulu kwa anthu olemera kwambiri, koma madokotala ataona kuti ambiri akuonda ndi gawo loyambalo lokha, anayamba kuichita payokha, ndipo lero ndiyo imachitidwa kwambiri padziko lonse. Dokotala amadula ndi kuchotseratu 75 mpaka 80 peresenti ya chifu, n'kusiya kachifu kowonda kooneka ngati nthochi. Matumbo sakhudzidwa. Mbali yochotsedwayo ndi imene imatulutsa ghrelin wambiri, n'chifukwa chake njala imachepa. Chimene chachotsedwa sichingabwezedwenso.

Lamba wa chifu, amene achipatala amati gastric band, ndingomutchula mwachidule. Ndi mkombero umene amamanga kumtunda kwa chifu ndipo amauthina kapena kuumasula pobaya madzi kudzera pakhungu. Sadula chilichonse, ndipo n'chifukwa chake anthu ankamukonda, koma amatha kusuntha kapena kudya khoma la chifu, ndipo ambiri amakachotsetsa patapita zaka. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa By-Band-Sleeve, amene anagawa mwamaere anthu oposa 1,300, anapeza kuti patatha zaka 3 amene anataya theka la kulemera kopitirira muyeso anali 68 peresenti pa bypass, 41 peresenti pa sleeve ndi 25 peresenti yokha pa lamba. Sindikuona chifukwa chimene munthu angasankhire lamba lero, makamaka ngati akukhala kutali ndi dokotala wodziwa kumuthina.

Mpikisano weniweni uli pakati pa bypass ndi sleeve. Pa matenda a shuga, kafukufuku wa STAMPEDE wa Philip Schauer ku Cleveland Clinic anagawa mwamaere odwala 150, ndipo zotsatira za zaka 5 zinatuluka mu 2017. Amene anafika pa 6 peresenti kapena kutsikirapo pa HbA1c, muyezo wosonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi m'miyezi yapitayo, anali 29 peresenti pa bypass, 23 peresenti pa sleeve ndi 5 peresenti pa mankhwala okha. Kulemera kunatsika ndi 23, 19 ndi 5 peresenti motsatizana. Nambalazi ndi zotsika poyerekeza ndi za Pories, chifukwa odwala a STAMPEDE anali atakhala ndi shuga kwa zaka zambiri ndipo muyezo wake unali wokhwima. Zikutiphunzitsa kuti opaleshoni imathandiza kwambiri ikachitika kapamba asanatope.

Kusiyana kumene ambiri sauzidwa bwino ndi kwa chilungulira. Kachifu kowonda ka sleeve kamakhala kothinana, ndipo madzi owawa a m'chifu amakankhidwira kummero. Ku Switzerland, kafukufuku wa SM-BOSS wa Ralph Peterli anapeza kuti patatha zaka 5 chilungulira chinakula mwa 32 peresenti ya ochitidwa sleeve, poyerekeza ndi 6 peresenti ya ochitidwa bypass. Ku Finland, gulu la Paulina Salminen linayang'ana kummero kwa odwala patatha zaka 10 ndipo linapeza kutupa mwa 31 peresenti ya a sleeve ndi 7 peresenti ya a bypass. Munthu amene amadzuka kale usiku chifukwa cha chilungulira asavomere sleeve asanakambirane nkhaniyi mozama, chifukwa ena amakathera kuchitidwa opaleshoni yachiwiri yosandutsa sleeve kukhala bypass.

Bypass nayo ili ndi mtengo wake. Poti gawo la matumbo limene limayamwa ayironi ndi kashiamu lalambalalidwa, munthu amayenera kumwa mapiritsi a mavitamini ndi michere moyo wake wonse, ndipo ambiri amabayitsa vitamini B12 miyezi 3 iliyonse. Akalekeza, amayamba kuchepa magazi, mafupa amafooka, ndipo mitsempha ya m'miyendo imatha kuonongeka. Matumbo amathanso kupotana m'mipata imene opaleshoni inasiya, ngakhale patapita zaka, ndipo kupweteka kwa m'mimba koteroko kumafuna dokotala wa maopaleshoni tsiku lomwelo. Mowa umalowa m'magazi msanga, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti uchidakwa umachuluka pambuyo pa bypass. Mankhwala ochepetsa ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene ambiri timangogula pasitolo, amatha kuyambitsa zilonda pamalo olumikizidwa paja, choncho amaletsedwa.

Ndi bwino kuti amene akuganizira opaleshoni iliyonse mwa ziwirizi aone m'maganizo mwake mbale imene adzakhale akudyera. Masabata oyambirira amangomwa zamadzimadzi, kenako phala ndi zakudya zopota, ndipo chakudya cholimba chimabwera patatha mwezi umodzi kapena iwiri. Ngakhale atachira, amayamba ndi ndiwo zomanga thupi monga nsomba, mazira kapena nyemba, ndipo nsima imabwera pomaliza, mbamu ziwiri kapena zitatu zotafunidwa bwino. Samwa madzi pakati pa chakudya, amadikira kaye theka la ola. Wa bypass akamwa chakumwa cha shuga wambiri, monga thobwa lotsekemera kwambiri, pakangotha mphindi 10 mpaka 30 amatha kuyamba thukuta, mtima kugunda, chizungulire ndi kutsegula m'mimba, chifukwa shugayo wakhuthukira m'matumbo nthawi imodzi. Paukwati kapena pamaliro, pamene kukana chakudya kumaoneka ngati mwano, munthu wotere amafunika abale omumvetsa.

Za imfa ya pa opaleshoni, mu SOS anthu 5 mwa 2,010 anamwalira m'masiku 90 oyambirira, ndipo nthawi imeneyo ambiri ankang'ambidwa pamimba. Lero maopaleshoniwa amachitika kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ndi kamera, ndipo m'zipatala zozolowera ntchitoyi chiopsezocho n'chochepa. Mawu akuti zozolowera ndi ofunika, chifukwa chipatala chochita maopaleshoni otere mwa apo ndi apo sichingafanane ndi chimene chimawachita sabata iliyonse.

Majakisoni

Mankhwala a semaglutide, opangidwa ndi kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark, amagulitsidwa ndi dzina la Ozempic pa matenda a shuga ndi la Wegovy pa kunenepa. Amatsanzira GLP-1, amachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu ndipo amauza ubongo kuti munthu wakhuta. Pa kafukufuku wa STEP 1, wotsogoleredwa ndi John Wilding wa ku Liverpool ndipo wofalitsidwa mu 2021, anthu 1,961 anatsatiridwa kwa masabata 68. Obaya mankhwalawa anatsika ndi 14.9 peresenti, pomwe obaya jakisoni wopanda mankhwala anatsika ndi 2.4 peresenti. Tirzepatide wa kampani ya Eli Lilly, wodziwika kuti Mounjaro, amatsanzira mahomoni awiri, ndipo pa kafukufuku wa SURMOUNT-1 wa mu 2022, wotsogoleredwa ndi Ania Jastreboff wa ku Yale, mlingo waukulu unatsitsa kulemera ndi 20.9 peresenti m'masabata 72. Atawayerekeza awiriwa maso ndi maso mu 2025, tirzepatide anatsitsa 20.2 peresenti ndipo semaglutide 13.7 peresenti. Pa kutsitsa sikelo, tirzepatide ali patsogolo ndipo wayandikira pamene sleeve imafika. Semaglutide ali ndi umboni wake wamphamvu pa mtima, chifukwa kafukufuku wa SELECT wa anthu 17,604 odwala kale mtima koma opanda shuga anasonyeza mu 2023 kuti kudwala mtima mwadzidzidzi, sitiroko ndi imfa zobwera nazo zinachepa ndi 20 peresenti.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Munthu amadzibaya yekha kamodzi pa sabata pamimba, pantchafu kapena pamkono, ndi kachipangizo kokhala ndi singano yaifupi kwambiri. Wegovy amayambira pa mamiligalamu 0.25 ndipo mlingo umakwera masabata 4 alionse mpaka 2.4, n'cholinga choti m'mimba muzolowere. Nseru, kusanza, kudzimbidwa ndi kutsegula m'mimba ndi zofala, makamaka mlingo ukangokwezedwa. Timiyala ta mu ndulu timatha kubwera, monganso zimachitikira pa kuonda kulikonse kofulumira, ndipo mwa apo ndi apo kapamba amatupa. Gawo lina la kulemera kotayikako ndi minofu osati mafuta, choncho zakudya zomanga thupi ndi masewera olimbitsa thupi zimafunikabe. Mankhwalawa amasungidwa m'firiji asanatsegulidwe ndipo kutentha kwambiri kumawaononga, zimene ndi vuto lenileni kumene magetsi amazimazima.

Vuto lalikulu koposa limabwera munthu akasiya. Anthu a STEP 1 atatsatiridwa kwa chaka chimodzi atasiya kubaya, magawo awiri mwa atatu a kulemera kumene anataya anali atabwerera, ndipo shuga ndi kuthamanga kwa magazi zinayambanso kubwerera mwakale. Izi sizodabwitsa, popeza mankhwala a BP nawonso akasiyidwa BP imakwera. Tanthauzo lake n'lakuti amene akuyamba jakisoni asawerengere ndalama za miyezi 6, awerengere za zaka zambiri. Kudula kwa mankhwalawa kwabweretsanso achinyengo. Mu June 2024 bungwe la WHO linachenjeza za Ozempic wabodza amene anapezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku America, ndipo bungwe loona za mankhwala ku South Africa, SAHPRA, nalo lachenjezapo za zomwezi. Jakisoni wogulidwa pa Facebook kapena pa WhatsApp, wopanda chikalata cha dokotala, akhoza kukhala ndi insulin m'malo mwa semaglutide, ndipo akhoza kugwetsa shuga wa munthu mpaka kukomoka.

Tikaziika pamodzi

Opaleshoni ndi jakisoni zimasiyana kwambiri pa mmene zimamangira munthu. Jakisoni akhoza kusiyidwa tsiku lililonse akavuta, koma phindu lake limatha naye limodzi. Opaleshoni singasiyidwe, phindu lake limakhalitsa, koma udindo wake nawo sutha. Ndalama za opaleshoni zimatuluka zambiri nthawi imodzi, kenako n'kumatuluka zochepa za mavitamini ndi kuyezetsa magazi, pomwe za jakisoni zimatuluka mwezi ndi mwezi osalekeza. Pa umboni, bypass yatsatiridwa kwa zaka zoposa 20, pomwe majakisoni pa mlingo wochepetsa thupi angotsatiridwa kwa zaka zochepa, popeza Wegovy anavomerezedwa ku America mu 2021. Tiyenera kuvomerezanso kuti ambiri mwa odwala a SOS anachitidwa opaleshoni ina yomanga chifu, imenenso anaiyambitsa Mason, yomwe lero inasiyidwa, ndiponso kuti anthu amene anasankha okha opaleshoni angakhale osiyana ndi anzawo m'njira zimene ofufuza sanathe kuyeza.

Si aliyense amene amayenera opaleshoni. Muyezo umene achipatala amagwiritsa ntchito ndi BMI, imene imapezeka pogawa kulemera kwa munthu m'makilogalamu ndi msinkhu wake m'mamita, kenako n'kugawanso yankholo ndi msinkhu womwewo. Mayi wa msinkhu wa mamita 1.6 wolemera makilogalamu 100 ali ndi BMI ya 39. Kuyambira 1991 lamulo linali lakuti opaleshoni ndi ya BMI ya 40, kapena ya 35 ngati pali matenda ena monga shuga, BP kapena kubanika kutulo. Mu 2022 mabungwe a madokotala a maopaleshoniwa anatsitsa malirewo kufika pa 35 kwa aliyense, ndi pa 30 kwa odwala shuga ndi matenda ofanana nawo.

Nkhaniyi si ya kunja kokha. Kafukufuku amene anachitika ku Lilongwe ndi ku Karonga, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti 44 peresenti ya amayi a m'tauni ndi 27 peresenti ya amayi a kumudzi anali olemera kopitirira muyeso, poyerekeza ndi 18 ndi 9 peresenti ya abambo. Pali zinthu ziwiri zokhudza ife zimene malangizo olembedwera ku Ulaya satsindika. Choyamba ndi ma ARV. Kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg anasonyeza mu 2019 kuti omwa ma ARV a dolutegravir, makamaka amayi, amanenepa kuposa omwa mankhwala akale. Chimenechi si chifukwa chosiyira ma ARV ngakhale tsiku limodzi, koma ndi chifukwa choyezera sikelo ndi shuga pafupipafupi. Kuwonjezera apo, mapiritsi a kashiamu ndi ayironi amene wochitidwa opaleshoni amamwa tsiku lililonse amatha kugwira dolutegravir m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi, choncho nthawi yomwera iyenera kukonzedwa ndi achipatala chimene munthu amalandirako ma ARV. Chachiwiri ndi maso a anthu. Kwathu kunenepa kumatamandidwa ngati chizindikiro cha mtendere, ndipo kuonda kofulumira kumayambitsa manong'onong'o. Amene akuyamba njira iliyonse mwa izi ndi bwino auze abale ake apafupi chimene akuchita, kuti asadzasiye chithandizo chifukwa cha mantha a zonena za anthu.

Amayi a msinkhu wobereka akhale tcheru pa opaleshoni ndi pa jakisoni pomwe, chifukwa thupi likatsika ambiri amene ankavutika kutenga pakati amatenga mosayembekezera. Pambuyo pa opaleshoni amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18. Semaglutide amasiyidwa miyezi iwiri munthu asanayese kutenga pakati, ndipo tirzepatide amatha kufooketsa mapiritsi olera m'masabata 4 oyambirira ndiponso mlingo ukangokwezedwa.

Maganizo anga ndi awa. Amene shuga wamupeza posachedwa ndipo thupi silinapitirire kwambiri ayambe ndi kadyedwe, moyang'aniridwa ndi dokotala amene angachepetse mankhwala a shuga ndi a BP pa nthawi yake. Amene ali ndi BMI yapakati pa 30 ndi 35, kapena amene amadwala mtima, ndipo ali ndi njira yodalirika yolipirira kwa zaka, jakisoni ndi woyenera kuyesa asanaganize za mpeni. Amene BMI yake yadutsa 40, kapena yadutsa 35 ndipo shuga akukana kutsika, opaleshoni ndiyo ili ndi umboni wamphamvu koposa, ndipo ine ndingakonde bypass kwa wodwala shuga kapena chilungulira, ndi sleeve kwa amene sangathe kusiya mankhwala ochepetsa ululu kapena amene ali kale ndi vuto la matumbo.

Koma zonsezi zimadalira funso limodzi limene opita kukachitidwa opaleshoni kunja, kaya ku South Africa, ku India kapena ku Turkey, ayenera kuliyankha asanagule tikiti: akabwerera, adzawaona ndani? Odwala a SOS ankayezedwa mobwerezabwereza kwa zaka zambiri m'dziko limene chipatala chili pafupi ndi aliyense, ndipo zotsatira zawo zabwino zija zinabwera limodzi ndi chisamaliro chimenecho. Musanapite, pezani dokotala wakwanu amene wavomera kukuyezani magazi chaka chilichonse, kuona ayironi, vitamini B12, vitamini D ndi kashiamu, ndipo dziwani chipatala chimene mungathamangireko usiku m'mimba mukapweteka. Pobwerera, tengani lipoti lolembedwa lofotokoza mtundu wa opaleshoni ndi utali wa matumbo amene alambalalidwa. Mukayamba kusanza kosalekeza kwa masiku angapo, pitani kuchipatala msanga ndipo muwauze kuti munachitidwa opaleshoni ya chifu, chifukwa vitamini B1 amatha m'thupi m'masabata ochepa, ndipo akatha ubongo umatha kuonongeka kosabwereranso. Achipatala ayenera kukupatsani vitamini ameneyu asanakuikeni diripi ya shuga.